Buku la Ababa Lakana Kutseguka

Lolemba, 3 Malichi

Muofesi ndekhandekha. Anzanga amagwirira ntchito kunyumba masiku ano, mipando yawo yatuwa ndi fumbi. Ndamaliza kuika buku la ababa mu HTML, kalembedwe ka masamba a pa intaneti, kuti foni iziwawerengera mokweza poti maso awo afooka. Mbiri ya banja lathu, ntchito ya moyo wawo wonse. Mu HTML gawo lililonse limakutidwa ndi zizindikiro zotchedwa matagi. Mwana aliyense ndamuika m'kati mwa matagi a kholo lake, mdzukulu m'kati mwa a mwana, choncho mpaka kufika pa ine. Fayilo imodzi, chimphona. Ndatumiza kwa achimwene, poti ndi amene amakhala nawo.

Lachitatu, 5 Malichi

Yakana. Achimwene akuti foni ya ababa ikungotentha, kenako zii. Ndawerenganso malamulo a HTML. Malire sakuwatchula, tagi m'kati mwa tagi mpaka utatopa wekha. Koma zimenezo ndi za papepala. Kafoni kakale sikangasenze zonsezo nthawi imodzi.

Nkhomaliro chiimire, pawindo.

Lachisanu, 7 Malichi

Njira ndi imodzi: kuligawa tizigawo ting'onoting'ono. Ababa akana. Mawu awo, kudzera mwa achimwene monga mwa nthawi zonse: “Banja saduladula ngati nyama ya pamsika.”

Ndakwiya. Bwanji osandiuza okha? Nambala yanga ali nayo.

Lamlungu, 9 Malichi

Tsiku lonse kupeputsa fayilo. Zokongoletsa zonse kunja. Zithunzi nazonso, cha malemu amayi pomaliza. Yakanabe.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndagawa, osawauza. Khomo lililonse fayilo yake. La achimwene lalitali: alamu, ana, masukulu awo. Langa mizere iwiri. Dzina, chaka chobadwa. Pansi pake mbee.

Ndatumiza. Alalate ngati akufuna.

Loweruka, 22 Malichi

Ababa ayimba. Okha. Ndinayamba ndaganiza kuti kwagwa zovuta.

Akuti amvera zonse kuyambira dzulo, ngakhale mawu a m'foniwo akupotoza mayina a agogo ngati munthu wa chimfine. Za kugawa sanatchule. Kenako anati, “Koma khomo lakoli mwanangu, lathera pomwe limayambira. Ndinalemba zokhazo zomwe ndimadziwa.”



Ayimbanso mawa, akuti ndidzawauze mmene ndimakhalira kuno, tionjezere. Sindikudziwa chomwe ndinganene. Ndasesa m'chipinda, ndachapa makatani, ngati akubwera kudzaona.