Mawaya a Kamphepo

Lolemba, 9 Juni

Akulemba ndi mpongozi wanga, ine maso anatha. Alembe mmene ndikunenera, asakometse.

Mwana wanga Kamphepo, wothamanga mitunda italiitali, anagwa kubwalo dzulo. Anadzuka yekha. Adokotala akuti mpikisano wa Loweruka auiwale mpaka amuyeze mtima. Dokotala wake mimba ngati mtsuko, sanathamangitsepo ngakhale nkhuku. Mwana wa mamendulo khoma lonse! Ine ndinalengeza kale msewu wonse. Diresi yokaonerera telala wamaliza.

Lachiwiri, 10 Juni

Kamphepo wabwera nako kamakina ka kuchipatala. Kabokosi kakang'ono, mawaya omata pachifuwa. Usana ndi usiku osachotsa, akuti kazimvetsera mtima. Iye amvekere: "Amayi, ine thukuta limatula zimenezi. Inu mumangokhala, tandivalirani."

Ndavala. Mtima wake unachoka mwa ine, kusiyana kuli pati?

Mpongozi waika cholembera pansi, akundiyang'ana. Lembani mayi, si khoti lino.

Lachitatu, 11 Juni

Kuyabwa! Kusamba ayi. Kugona chagada ngati mtembo. Masana ndakangana ndi aneba nkhani ya chingwe choyanikira zovala, mawaya ali m'kati mwa bulauzi.

Kamphepo anakathamanga m'mawa. Pobwera wakhala pakhonde nthawi yaitali, milomo itatuwa. Akuti ndi chimfine cha sabata yatha chija. Tiyi sanamalize.

Lachinayi, 12 Juni

Manyazi. Ndinamuperekeza kuchipatala nditavala diresi yatsopano ija.

Adokotala ayang'ana pakompyuta, ayang'ana iye, ayang'ana ine. "Wothamanga akapuma mtima umagunda pang'onopang'ono. Uwu ndi wa munthu wamkulu. Wathamanga kamodzi kokha, masana. Munakalipira ndani, agogo?" Namwino kuseka mpaka kutuluka panja.

Kenaka kuseka kunatha. Andiika zomvetsera zawo m'makutu, mbali inayo pachifuwa cha mwana wanga. Ugunde, ugunde, zii. Ugundenso.

Akuti chimfine chimatha kutupitsa mnofu wa mtima, makamaka munthu akamathamanga thupi likutentha. Apume miyezi, amuyezenso. Akakakamira, tsiku lina adzagwa osadzuka.

Ndafunsa ngati wanga uli bwino. Ati uli bwino, ndichepetse mchere ndi mkamwa.

M'njira Kamphepo: "Loweruka lokha, Amayi, kenaka ndipuma." Mutu ngati mwala. Bambo ake enieni.

Loweruka, 14 Juni

Kwacha kumene. Dzulo sitinalembe, mpongozi ankalira.

Nambala ya mpikisano Kamphepo waimata kale pamalaya. Aneba agogoda kufunsa ngati tinyamukire limodzi, ndawauza akayanike zovala zawo.

Ndakhala pampando pakhomo penipeni. Kumapazi kwanga nsapato zake zothamangira, zingwe ndamanga mfundo zitatu. Anandiveka mawaya ake, lero ndavala nsapato zake. Zopepuka, n'chifukwa chake sakhazikika.

Wandinyengerera, wakalipa, wagwada. Ndamuuza kuti mamendulo ndilibenso khoma lowapachika, ndipo mwana ndili naye mmodzi. Akazifuna nsapatozi adule miyendo ya mayi ake.

Wayankha kuti ali mwana ankapambana wopanda nsapato. Walowa kuchipinda.

Kwangoti zii. Sindikuzikonda zimenezi.

Mayi, chitseko chakuseri munakiya? Siyani kulemba, thamangani, kiyi ali pa