Kabuku Kaja Sikanali Kanga

Abambo a Shamima,

Musandifunefune, ndathamangira ku Namadzi kukakwera minibasi ya ku Zomba.

Mwakumbuka zimene ananena dokotala wa kupulayiveti dzulo? Atandijambula m'mimba anati chotupa chili pathumba la mazira, ndiye Lachisanu andichotse chiberekero chonse, poti "kubereka munamaliza kale, mayi." Ine ndi ululu uja ndinangovomera, inunso n'kusayina.

M'mawa uno polongedza ndatsegula kabuku ka kuchipatala kaja. Mayo ine! Dzina ndi la a Habiba, zaka 41, ana asanu ndi mmodzi. Pondikweza panjinga paja munanyamula kabuku ka mkazi mnzanga, kamene anakusungitsani m'thumba la mkanjo! Ine wa mwana mmodzi yekhayu, dokotala anandiwerengera ana a eni ake.

Kanga ndakapeza pansi pa matiresi. Ndikukaonana ndi dokotala wina, andijambulenso, ndimve ngati angachotse chotupa chokhacho n'kundisiyira chiberekero. Mpeni sundikhudza ndisanamve pawiri.

Muwaimbire a kupulayiveti kuti Lachisanu asandidikire. Shamima ali kwa a Agnes oyandikana nawo, mukamutenge musanapite ku mzikiti. Mbuzi sindinazimasule, pepani. Kabuku ka a Habiba kali pawindo, mukawabwezere nokha.

Zitenje zanga ndi za a Habiba mumazisokoneza pa chikondwerero cha Idi chaka chilichonse, ine n'kumangoseka. Koma chiberekero, bambo, ndili nacho chimodzi chokha.

Ndine wanu,
Asiyatu