Injini yasiya kugogoda

Loweruka madzulo. Lero mtima uli myaa!

Chiikireni supachaja, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, pakagalimoto kanga, injini imagogoda pachitunda ngati muli timiyala. A Namaona, amakaniko anzanga kuno kuesiteti ya tiyi, amati, "Achimwene, kompureshoni musaitsitse, mpweya uzipanikizika ndithu mu injinimo, mphamvu ili pomwepo." Koma supachaja ikukankhira kale mpweya wambiri, ndiye ndinaopa kuswa mapisitoni. Ndaika gasiketi yokhuthala pansi pa chivundikiro cha injini kuti kompureshoni itsike pang'ono.

Masana ndakayesa pachitunda cha ku Masambanjati. Akazi anga ndinawapempha akhale chete kuti ndimve bwino injini. Takwera mpaka pamwamba, tiyi akungothawa m'mbali, kugogoda osamveka ngakhale kamodzi.

"Bambo a Chisomo, ndiyankhule tsopano?" iwo anafunsa.

"Yankhulani, mayi!"

"Nthochi tinamanga padenga zija zagwa kalekale kumunsi uko."