Mi wosaitanidwa

Lachiwiri, 4 Marichi 2025

Andisankha. Mwa anthu makumi anayi a m'kwaya yathu ya ku West Bromwich, a Marvin, otiphunzitsa, atenga asanu ndi atatu oti tidzayimbe tokha nyimbo yotsegulira konsati ya pa 5 Epulo. Dzina langa lilipo. Esnart, woimba alito. Zaka khumi ndi ziwiri ku England kuno, chomwe amandisankhira ndi mashifiti a anamwino anzanga akadwala. M'basi yobwerera ku Tipton kumwetulira kokhakokha, mpaka mayi wina anasintha mpando.

Konsatiyi ndi ya nyimbo zinayi, iliyonse ya nyengo yake. Yathuyi ndi yakale kuposa zonse, ya Chilatini, ya cha m'ma 1500, nyengo yomwe amati Renaissance. Yopanda piyano. Gulu lililonse la mawu kuyamba pa nthawi yake, kumatsatana, popanda wotsogolera. Kunjenjemeretsa mawu nkoletsedwa.

Lachiwiri, 11 Marichi

Mvula tsiku lonse. Nsapato zonyowa. Taphunzira ya Baroque, ya kumayambiriro kwa m'ma 1700. Imeneyi ndi ya othamanga: liwu limodzi, manotsi makumi awiri, mpweya umodzi. Imapita ngati makina osokera. Kukweza ndi kutsitsa mawu kumabwera mwadzidzidzi, palibe kuchenjezana. Manotsi achizunguwa amandichedwetsa, ndiye ndalemba do-re-mi ndi pensulo pansi pake, monga tinkachitira m'kwaya ya CCAP kwathu ku Dedza.

Kenako nkhani. Potsiriza pa nyimbo yathu yakale ija a Marvin anaimitsa. Akuti imathera pa do ndi so basi, koma wina akuwonjezera mi. Tinabwereza katatu, mi ali pomwepo. Nane ndimatembenuka kufunafuna wolakwa. Ndinamuyang'ana Joanna, yemwe amaima pambali panga, ndi diso loipa ndithu.

Lachinayi, 13 Marichi

A Marvin atumiza pa gulu lathu la pafoni mawu omwe anajambula Lachiwiri. Ndamvera pa nthawi yopuma, tiyi ali m'manja. Wakuba uja ndi ine. Mawu anga enieni, okoma bwino, odzidalira, pamalo pomwe sanaitanidwe. Manyazi mpaka m'makutu. Joanna wosalakwa.

Bambo a kunyumba, a Saulos, aseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Walira mvula walira matope, mayi." Ndawamana tiyi wachiwiri.

Lachiwiri, 18 Marichi

Ndaulula. A Marvin sanakwiye. Andifotokozera kuti olemba nyimbo ambiri a nthawi imeneyo ankaona kuti do ndi so okha ndiwo mathero oyera, mi anadzakhazikika potsiriza pambuyo pake. Ndawauza kuti kwathu ukamva mpata m'nyimbo umalowapo, ndiwo ulemu, ndipo kutsiriza popanda mi ndi ndiwo zopanda mchere. Anaseka, nkuti zimenezo nzokongola. Koma anawonjeza mofatsa kuti mi akadzamvekanso Lachiwiri likudzali, malo anga apatsa wina, ine ndibwerere m'gulu lalikulu. Malowa ndikuwafuna, sindibisa.

Ya nyengo ya Classical yanditonthoza. Ya kumapeto kwa m'ma 1700. Zonse pamzere, chiganizo chofunsa, china choyankha, zofanana kutalika, ngati katekisimu. Sungasochere. Mi aliponso wambiri, waulere.

Loweruka, 22 Marichi

Kadzuwa. Tayenda m'mbali mwa ngalande ndi a Saulos, iwo kugwira do, ine so. Do wawo amatsetsereka, amayamba bwino nkukathera kwina. Abakha kuthawa. Kakhumi konse, kasanu ndi kawiri ndapambana, katatu khosi langodzipitira lokha pa mi. Ndapeza njira: kutsina chala changa chachikulu tikamayandikira potsiriza. Chala chatupa.

Lachiwiri, 25 Marichi

Ndakhoza. Kawiri konse, do ndi so, mbee. A Marvin anangokweza chala chachikulu. Joanna anandikumbatira, ndipo ndamupepesa za diso lija, lomwe akuti sanalione nkomwe.

Tatsiriza ndi ya Romantic, ya m'ma 1800. Imeneyi ndiye yanga. Imafufuma, imachedwa pomwe yafuna, imathamanga, imalira poyera. Kuno palibe woletsa kunjenjemeretsa mawu. A Marvin akuti, "More, Esnart, more." Aka nkoyamba mzungu kundiuza kuti ndikweze mawu.

Lamulungu, 30 Marichi

Ndaitana amayi a kutchalitchi kwathu. Anali oti abwere atatu, tsopano ndi khumi, wotsogolera ndi Dinnah, mnzanga wa ku Zomba. Akuti adzavala zitenje zofanana. Ndawakhazika pansi titaweruka: palibe kuwomba m'manja a Marvin asanatsitse mikono, palibe nthungululu, palibe kuvina m'kanjira, mafoni azimitsidwe. Dinnah akuti, "Iii, ndiye ku concert kapena ku court?" Alonjeza onse.

Lamulungu, 6 Epulo

Dzulo. Ndilembe ndisanaiwale.

Tchalitchi chodzaza, chozizira. Amayi anga khumi mzere wachitatu, zitenje zobiriwira, manja pamiyendo, ulemu wosaneneka. A Saulos kumapeto, tayi yopotoka.

Tinayamba asanu ndi atatu. Mawu kutsatana bwinobwino. Pofika potsiriza ndinatsina chala, nkugwira so. Ndipo ndinamva zomwe a Marvin akhala akunena: do pansi, so pamwamba, pakati pali mpata waukulu, woyera, moti tsitsi linandiimirira. Sindinafunenso kuutseka. Misozi.

Ndiye pang'onopang'ono, chapansipansi, mi.

A Marvin anandiyang'ana. Ine pakamwa pali pa so, ndinangotukula nsidze kuti si ine. Mi akuchokera kumbuyo kwawo. Dinnah, maso ali chitsinzinire, mutu uli pambali, ndipo enawo akulowapo mmodzimmodzi. Ndinawaletsa zonse, koma za mi sindinawauze.

Mapewa a a Marvin anayamba kugwedezeka ndi kuseka. Sanatsitse mikono. Anatisunga pamenepo nthawi yaitali kuposa tsiku lina lililonse, ife ndi do ndi so wathu, amayi ndi mi wawo, mpaka mpweya unatithera tonse. Atatembenuka kuti aweramire anthu, anayamba ndi mzere wachitatu.

Zinazo zinayenda. Baroque sitinagwe, Romantic ndinaitulutsa yonse. Panja a Marvin anandinong'oneza kuti konsati yotsatira ndilinso m'gulu la asanu ndi atatu, koma anzangawo adzakhale kumbuyo kwenikweni.

Dinnah anandipeza pakhomo, nkundigwira manja onse awiri. Akuti, "Mwayimba bwino, achemwali, very nice. Koma yoyamba ija munaiwala mi potsiriza, nonse eight. Tinaona kuti muchita manyazi pamaso pa azungu, ndiye tinangokuthandizani."

Ndinati zikomo kwambiri.