Foni yanu ndapita nayo

Bambo a Dudu,

Musavutike kufunafuna foni yanu, ndapita nayo ine. Khalani kaye pansi musanapitirize kuwerenga.

Mutangotuluka, Dudu anaima yekha osagwira kanthu. Kafoni kanga kamabatani mukukadziwa, ndiye ndinathamangira yanu pa tchaja kuti ndimujambule. Inakana, akuti malo adzaza. Ndinayamba kufufuta mavidiyo a mpira aja mumatumizirana pagulu lanu, chala chikungodina, maso ali pa mwana. Ndadzazindikira mochedwa kuti ndafufutanso mawu aja malemu amayi anu anatumiza akumuimbira Dudu. Ndayang'ana paliponse m'fonimo, mulibe.

Ndaimbira wokonza mafoni uja wa pafupi ndi sitolo ya mankhwala. Wati ndipite nayo msanga, ndisajambule kapena kulandira chilichonse, apo ayi mawuwo atayikiratu. Sanalonjeze kanthu. Inu bwerekani foni kwa aneba mufunse achemwali anu, mwina amayi anawatumizirako nawonso.

Dudu ali kwa aneba komweko, wadya kale. Akayamba kulira nthawi yogona, mukudziwa chimene akufuna kumva. Mumuimbire nokha, chonde. Mawu anu ndi a chule, tonse tikudziwa, koma nyimboyo munakula nayo ndinu. Ine ndimangodziwa poyambira pokha.

Pepani kwambiri, bambo. Mudzandikalipire ndikabwera, ndidzangokhala chete.

Ndipo kuima kwa Dudu kuja sindinakujambule n'komwe. Pomwe malo amapezeka n'kuti atakhala kale pansi.

Ndine,
Mayi a Dudu