Ufa wa Chitini Chagolide

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Kuno tiliko, kudzuka tikudzuka.

Mkamwini wanu anasiya ntchito ya ulonda n'kuyamba kugulitsa ufa wa m'zitini, uja amasungunula m'madzi n'kumwa m'malo mwa chakudya pofuna kuchepetsa thupi. Anaoda wodula, wa chitini chagolide, umene akuti muli mkaka, mtedza ndi mavitamini. Tsoka ilo, m'sitolo ya pakona muli wotchipa, wa soya ndi shuga basi, ndipo ndalama ya chitini chathu chimodzi imagula zitatu kumeneko. Anthu amalawa wathu, n'kuyamikira, n'kukagula wa pakona.

Makatoni adzaza pabalaza mpaka kuchipinda, moti zenera silitsegukanso. Tsopano bambo akuti tizimwa tokha m'mawa ndi madzulo, anthu aone umboni pathupi langa. Kukabwera kasitomala amandiimika pakhomo. "Taonani mmene achepera mayiwa!" Ine n'kumamwetulira. Mbaula yachita dzimbiri. Dzana mdzukulu wanu anandifunsa kuti, "Amayi, nanga mano ntchito yake n'chiyani?" Tonse tinaseka, koma ine ndinakamalizira kubafa.

Sabata yatha ndinapita kuchipatala chifukwa cha chizungulire. Anamwino atandiyeza anandiuza kuti ino si nthawi yoti ndizionda, ndiyenera kudya za anthu awiri. Bambo sindinawauze. Iwo amati tsiku limene ndidzanenepe, malonda afa.

Azakhali, kachipinda kaja mumasungiramo makasu kadakali kopanda munthu? Ndangofunsa chabe.

Ndine,
Mwana wa achimwene anu