Yohane wavomera kupita kuchipatala

Lachitatu, Okutobala. Kunatentha koopsa, koma mtima wanga uli myaa.

Yohane, mwana wa achimwene anga, wavomera kupita kuchipatala! Chibwerere ku Congo n'kusiya usilikali, mwanayu sagona. Asodzi akamamenya bwato poopseza nsomba, iye amadzigwetsa chafufumimba mumchenga, anthu n'kumaseka. Ndikati tiye kuchipatala, amati, "Azakhali, mukufuna akanditsekere ku Zomba? Msilikali sadandaula."

Lero kunabwera a Saidi a ku Monkey Bay, amene anali sajeni wake. Anamuuza ine ndili pompo: "Iwe, ine ndimapita ku boma kukalankhula ndi adokotala, n'kubwerako tsiku lomwelo. Ukundiona ngati wamisala?" Yohane anangoti, "Ayi, bwana." A Saidi atachoka, Yohane anandipempha kuti ndimuchapire malaya oyera, mawa apitire limodzi.

Ndachapa ndikuvina! Komatu ndamusowa Yohane wakale, uja ankandibera usipa pathandala n'kumanamizira akhwangwala. Uyu amadya ali cheucheu, msana kukhoma.

Sindikupempha zambiri, Ambuye. Angondiberanso usipa kamodzi kokha, ine ndimuthamangitse ndi tsache mpaka kunyanja, iye akuseka...